Bambo anga matumbo anamanga mfundo, pano ali ndi thumba pamimba. Alipo akudziwa za izi?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri koma mutu wanga sukuyenda bwino. Bambo anga a zaka 64 amakhala kumudzi mbali ya ku Jali. Lachiwiri lapitali anakhala kudimba tsiku lonse osalawa kanthu, madzulo kufikira nsima ya mgaiwa ya nandolo, kaya mitanda isanu, munthu wake akati adye amadyadi. Usiku cha m'ma 11 anayamba kubuula m'mimba, kukucha mimba ili ndiii ngati ng'oma, akusanza, kuchimbudzi osapita ngakhale mpweya osatuluka. Amayi anawaphikira zitsamba zotsegula m'mimba poganiza kuti ndi kudzimbidwa chabe koma zinangoonjezera kusanzako. Tinafika nawo kuchipatala chachikulu cha Central Lachitatu kutada, anawajambula, madiripi, chubu cha m'mphuno, kenako ku thiyeta usiku womwewo. Adokotala atatuluka anati matumbo anamanga mfundo, ena anali atafa kale ndiye adula, ndipo chimbudzi chizitulukira pamimba. Pano ali ndi thumba kumanzereku. Ndiye ndifunse, matumbo amamanga bwanji mfundo okha mkati mwa munthu? Nanga thumbali ndi la moyo wonse? Kumudzi azakhali ayamba kale zoti wina anawamanga chifukwa cha mlandu wa malire a munda, ine ndikusowa chowayankha

Mayi a Pempho: Pepani achemwali, Mulungu akhale nawo madalawo. Akuyankhula koma?

Nachisale: Akuyankhula pang'onopang'ono, koma thumbalo sakufuna ngakhale kuliyang'ana, akuti bola akanangofa

Bambo a Yami: Aaa koma zinazi, mfundo yeniyeni ngati ya chingwe cha mbuzi? Ine ndiye azakhaliwo ndikuwamvetsa, munthu ungaganize zina

Anasibeko: Zilipo zimenezo ana inu musamatsutse chilichonse. Kwathu ku Chingale bambo wina anatupa mimba chomwecho atakangana ndi mlamu wake, masiku atatu basi tinakaika

CO wopuma: Anasibeko pepani za malemuwo, koma zimene mwafotokozazo, mimba kutupa masiku atatu munthu n'kupita, ndi ndendende mmene nthendayi imaphera ikapanda kufika pampeni. Ine ndagwira ntchito ya clinical officer (CO) ku thiyeta zaka zambiri ndisanapume ndipo mimba zotere ndatsegula zosawerengeka, ena anali ndi adani ena analibe ngakhale munda woti n'kukanganirana. Nachisale mwana wanga khala pansi ndikufotokozere. Munthu ali ndi matumbo aang'ono, aatali pafupifupi mamita 6, ndi matumbo aakulu, mita imodzi ndi theka. Chakumapeto kwa aakuluwo, kumanzere m'munsi mwa mimba, kuli gawo lokhota lomwe timalitcha sigmoid. Gawo limeneli silinamatiridwe kumsana ngati ena, limalendewera pa kansalu kamene mumadutsa mitsempha ya magazi. Kwa anthu ambiri kuno kwathu, makamaka abambo, limakhala lalitali kwambiri koma tsinde lake lopapatiza, ndiye likadzaza chimbudzi ndi mpweya limalemera n'kudzipotokola lokha patsindepo monga mmene mumapotera kukamwa kwa thumba la chimanga musanamange. Njira yatsekeka, magazinso atsekeka. Imeneyo ndi sigmoid volvulus, ndipo si yachilendo ayi, m'zipatala zikuluzikulu za kuno ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe abambo amalowera ku thiyeta usiku matumbo atatsekeka

CO wopuma: Koma ngati anakuuzani kuti mfundo, ndiye ya bambo akoyo ndi ina, yosowa. Amati ileosigmoid knot. Apa thumbo laling'ono limatsika n'kudzikulunga patsinde la sigmoid lija, kenako n'kulowa pansi pake, mfundo yeniyeni ndithu Bambo a Yami sanalakwe. Awiri onse amakanyangana ndipo akamafufuma mfundo imakungika. Iyi imathamanga kuposa volvulus wamba, pamaola ochepa matumbo amayamba kuda. Pazaka zanga zonse ndinaiona mwina kasanu. Bambo ako kufika Lachitatu usiku ali moyo ndi munthu wolimba

Nachisale: Eee adokotala zikomo, anatchuladi mawu a knot amenewo ndimangoti ndamva molakwika. Ndiye nsima ija ndi imene inachititsa?

CO wopuma: Nsima payokha ayi, tonse tikudya nsima. Koma kadyedweko madokotala amakakayikira, munthu kukhala ndi njala tsiku lonse matumbo ali pululu kenako kudya chakudya chambiri cholemera kamodzi. Chimalowa m'matumbo aang'ono a kumtunda, amalemera n'kugwera pansi, opanda kanthu aja n'kukankhidwa kukazungulira sigmoid. Koma pamafunika munthu akhale kale ndi matumbo olendewera chotero

Wa chaka chachinayi: Ndiwonjezereko pang'ono adokotala, tangophunzira kumene izi kusukulu ya udokotala ku KUHeS. Mfundoyi anayamba kuilemba ndi dokotala wina dzina lake Parker mu 1845, ndipo mu 1967 dokotala wina Shepherd analemba za odwala 92 ku Uganda kokha. Imapezeka kwambiri kuno ku Africa, ku Turkey ndi mbali zina za Asia, ku Ulaya ndi yosowa zedi moti dokotala atha kupuma ntchito osaionapo. Ndiye ngati ndi ufiti ndiye kuti afiti a ku Jali ali ndi nthambi ku Turkey kkkk

Anasibeko: Mwana iwe usandiseke, ine ndine msinkhu wa agogo ako

Wa chaka chachinayi: Pepani agogo sindimaseka inu

Che Songani: Funso langa adokotala, nanga ife timamanga swaumu mwezi wathunthu, tsiku lonse osadya madzulo n'kudya, ndiye kuti tili pangozi?

CO wopuma: Che Songani musaope, anthu mamiliyoni amamanga chaka ndi chaka osaona zimenezi, ndanena kuti ndi yosowa. Koma nzeru ya akuluakulu anu yoyamba ndi madzi ndi kaphala musanafike pa nsima kapena mpunga ndi yabwino, m'mimba muyambe mwadzuka kaye. Alimi ndi asodzi a ku Kachulu amene amadya kamodzi patsiku ndimawauzanso zomwezo

Aphunzitsi a ku Thondwe: Ine pali pomwe sindikumvetsa. Achimwene anga anadwala zofanana zaka zapitazo koma sanawang'ambe tsiku lomwelo, anawalowetsa paipi kumusi mpweya n'kutuluka, mimba kuphwa pompo. Bwanji madalawa sanawapange chomwecho m'malo mowadula matumbo? Sikuti mwina anafulumira ndi mpeni? Ndikungofunsa

CO wopuma: Funso labwino aphunzitsi. Achimwene anuwo inali volvulus wamba ndipo anafika thumbo likadali lamoyo. Zikatero timalowetsa chida choonera kumusi, timaona pomwe papotana, n'kudutsitsa paipi yofewa, mpweya ndi chimbudzi zimaphulika kutuluka, amene waima kutsogoloyo asavale malaya a ku tchalitchi. Thumbo limadzimasula lokha. Pa X-ray imaoneka bwino, thumbo lofufuma lopindika pakati ngati njere ya khofi. Koma mfundo sungaimasule ndi paipi, ndipo thumbo likafa kale paipi ikhoza kuliboola chimbudzi n'kukhuthukira m'mimba, pamenepo ndiye mwamupha munthu. Chinanso, thumbo lakufa lomangana sitilimbana n'kulimasula, poizoni yemwe wadzaza mmenemo angathamangire m'magazi, timamanga mitsempha kaye n'kuchotsa mfundo yonse pamodzi. Ndikufunseni aphunzitsi, achimwene anuwo anabwereranso kukapangidwa opaleshoni?

Aphunzitsi a ku Thondwe: Anawapatsa tsiku koma sanapite, anati achira. Patatha chaka zinayambiranso, ulendo umenewo ndiye anawang'amba

CO wopuma: Ndi zomwe ndimafuna mumve nonse. Paipi imangogula nthawi, thumbo lalitali lija likadalipo ndipo kawirikawiri limapotananso. Akakuuzani kuti mubwere tidzadule gawolo muli bwino, pitani, opaleshoni yokonzekera munthu atadya bwino magazi ali okwanira imasiyana kutali ndi ya pakati pausiku

Nachisale: Nanga za thumba adokotala, ndi zomwe zikundisowetsa tulo

CO wopuma: Sindinawaone bambo ako ndiye mawu omaliza ndi a madokotala amene anawatsegula, uwafunse akamayendera wodi m'mawa, usachite manyazi. Koma mmene wafotokozera zikuoneka kuti anapanga yomwe timaitcha Hartmann. Matumbo aang'ono akadula amalumikiza pompo chifukwa amapola msanga, magazi amafikako ambiri. Aakulu ndi ovuta, muli tizilombo tambiri, ndipo munthu akakhala wafooka, BP ili pansi, m'mimba muli madzi oipa, ukasoka pamenepo msoko umatha kuphulika patatha masiku anayi kapena asanu, chimbudzi n'kumatayikira mkati. Ndiye dokotala wanzeru amatseka mbali ya kumusi n'kuisiya mkati, mbali ya kumtunda n'kuitulutsira pakhungu. Munthu akachira, akanenepako, nthawi zambiri pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, amalowanso n'kulumikiza, chimbudzi chibwerera njira yake. Si onse amabwezeredwa, zimatengera mphamvu za munthu ndi mmene mkatimo mulili, koma kwa nthenda ngati iyi yomwe si khansa ambiri amabwezeredwa. Odwala ena akafika msanga ali ndi mphamvu amadula n'kulumikiza tsiku lomwelo popanda thumba

Wa chaka chachinayi: Dzinalo ndi la Henri Hartmann wa ku Paris, anaifotokoza mu 1921, iye ankapangira khansa ya m'matumbo

Bambo a Yami: Iwe mwana wa sukulu chilichonse uli ndi chaka chake, mayeso ukhoza basi

Anesi a ku Sadzi: Ndalowa mochedwa ndinali pa night. Nachisale za thumbazo ndiye ndi mbali yanga, mvetsera. Kanyama kofiira kali pamimbapo, stoma, kayenera kukhala kofiira konyowa ngati mkati mwa tsaya, sikamva kuwawa ndiye usaope kukakhudza, kakatuluka timagazi pang'ono popukuta si vuto. Masabata oyamba kamakhala kotupa kenako kamachepa, ndiye bowo la thumba uzidula moyeza nthawi zonse, likakula chimbudzi chimadya khungu mpaka zilonda ndipo thumba silimamatira pachilonda. Tsuka ndi madzi ofunda basi, umitsa bwinobwino, usapake Vaseline kapena mafuta pomwe pakumata. Usadikire lidzaze, likafika gawo limodzi mwa atatu khuthula. Zakudya adye zonse pang'onopang'ono, ayambe phala, nthochi, nsima yofewa, madzi ambiri. Nyemba, kabichi ndi zakumwa za gasi zimafufumitsa thumba ndi mpweya, mazira ndi usipa zimaonjezera fungo, sikuti ndi zoletsedwa koma adziwe tsiku lopita kutchalitchi. Khasu, kunyamula matumba, kupalasa njinga yolemera aiwale kaye miyezi ingapo, apo ayi pambali pa stoma padzatuluka chophuka. Uthamange nawo kuchipatala ukaona stoma yada kapena yatuwa, thumba lili gwa osatuluka kanthu uku akusanza, thupi latentha, kapena bala likutuluka mafinya

Nachisale: Asisi zikomo ndasunga uthengawu. Koma matumbawo ndiye ndamva kuti amasowa ndipo kufamase ndi odula

Anesi a ku Sadzi: Amavutadi kupeza sindikunamiza. Funsa ku wodi asanatuluke, ndipo ukapeza ogula sankha otsegula kumusi, amenewo umakhuthula n'kutsuka limodzi limakhala masiku angapo. Ndaonapo anthu akumudzi akumangirira jumbo ya shuga ndi kansalu, munthu amachita zomwe angathe, koma khungu limavutika kwambiri. Ndipo chinthu china, mawu oti bola ndikanafa pafupifupi bambo aliyense amayankhula sabata yoyamba. Musamawabisire m'chipinda ngati ali ndi khate. Amayi ako aphunzire kusintha, kenako iwo eni aphunzire, tsiku lomwe adzasinthe okha ndi lomwe mtima udzakhale pansi

Mayi a Pempho: Nkhani ya matumboyi yandikumbutsa Pempho wanga ali ndi miyezi 7. Mwana amalira mokuwa n'kupinda miyendo, kenako zii kugona, pakapita mphindi zingapo kuyambiranso. Madzulo thewera linali ndi magazi osakanikirana ndi zonanda ngati mamina. Pachipatala china chaching'ono anandipatsa mankhwala a kamwazi ndibwerere kunyumba, apongozi akuti ndi mano akumera. Mtima wanga unakana, m'mawa ndinakwera minibasi mpaka ku Blantyre, anakamupanga opaleshoni kuchipatala cha ana cha Mercy James. Akuti thumbo linalowa mkati mwa linzake. Pano ali sitandade 1 ndi wovuta ngati china chilichonse

CO wopuma: Munachita bwino mayi. Imeneyo ndi intussusception, thumbo limalowa mwa linzake ngati mmene mkono wa juzi umalowera mkati povula. Imakonda makanda osakwana zaka ziwiri. Ikapezeka msanga malo ena amaikankha ndi mpweya kudzera kumusi osang'amba n'komwe, ikachedwa ndi mpeni. Mercy James ija anaitsegula mu 2017 pa Queens, isanabwere ana amalimbirana thiyeta ndi akuluakulu

Bambo a Yami: Poti mwatchula chophuka anesi, ine ndili nacho cha kumanja chaka chachitatu tsopano, chimatuluka ndikanyamula katundu pa siteji ndikagona chimabwerera chokha. Sichipweteka kwenikweni ndiye ndimangochisiya. Anzanga amati akakupanga opaleshoni imeneyo mphamvu za m'nyumba zimatha

Anesi a ku Sadzi: Bodza limenelo Bambo a Yami, lapha anthu ambiri bodza limenelo

CO wopuma: Achimwene, chophuka ndi bowo pakhoma la mimba, chomwe chimatulukacho ndi thumbo. Lero likubwerera, tsiku lina lidzatuluka n'kukanirira, bowo lija n'kulikanyanga, kenako nkhani yake ndi yomweyi ya bambo a Nachisale, thumbo lakufa. Chikadzalimba, kupweteka, osabwerera, inu n'kumasanza, musadikire kuche. Koma bwanji kudikira zimenezo? Opaleshoni yokonzekera sitenga nthawi, ambiri amangobaya jakisoni wa pamsana muli maso, ma clinical officer m'zipatala za maboma amapanga sabata ndi sabata. Kale timasoka minofu yokhayokha njira ya Bassini, pano pakapezeka kaneti kotchedwa mesh amaika pamenepo ngati chigamba, njira ya Lichtenstein, sichibwerera kawirikawiri. Za m'nyumbazo sizikhudzidwa, mukangopola basi

Wa chaka chachinayi: Ndipo mukudziwa kuti neti ya udzudzu imagwira ntchito ya mesh? Anayamba ndi madokotala a ku India, kenako ku Uganda anachita kafukufuku yemwe anatuluka mu 2016, anapeza kuti amene anaikidwa ya udzudzu yophikidwa bwino anachira chimodzimodzi ndi a mesh yodula ija

Che Songani: Kkkkk masikito yavutika m'dziko muno, ku Chilwa ikugwira matemba, kumudzi ikutchinga nkhuku ndi mbewu za kudimba, pano yalowanso m'mimba

CO wopuma: Koma wina asakadule yake ya kuchipinda kubwera nayo ku thiyeta chonde. Amanena neti ya mtundu wake, yopanda mankhwala ophera udzudzu, yophikidwa mu makina ophera tizilombo. Za boma zogawa zija zili ndi mankhwala, zimenezo gonanimoni basi. Mwana wa sukulu, poti umakonda zaka, tauze gulu za Amyand

Wa chaka chachinayi: Haha 1735 adokotala, ku St George's ku London. Claudius Amyand anatsegula chophuka cha mnyamata wa zaka 11 n'kupeza apendikisi ili momwemo, itabooledwa ndi phini yemwe mwanayo anameza. Anaichotsa mwana n'kuchira, ndipo imatengedwa ngati opaleshoni yoyamba ya apendikisi yomwe inatheka. Nthawi imeneyo mankhwala ogonetsa kunalibe, mwana amangogwiridwa ndi anthu

CO wopuma: Ine ndinakumana nayo kamodzi kokha, ndatsegula chophuka cha bambo wina ndikuyembekeza thumbo, ndikuona kamchira kakundisuzumira. Ndinaima kaye. Palinso china chimavuta agogo aakazi owonda kwambiri, obturator hernia, kunja sikuoneka chotupa chilichonse, gogo amangodandaula kupweteka mkati mwa ntchafu mpaka pabondo uku akusanza, anthu n'kumathira mankhwala a nyamakazi pomwe thumbo lapanika pabowo la fupa la chiuno. M'mimba muli zambiri, ndinachotsapo njoka za m'mimba zodzaza beseni laling'ono mwa mwana wa zaka zisanu zitatseka thumbo, ndasokapo matumbo obooka ndi tayifodi ambirimbiri. Zonsezi zikafika kunja zimaoneka mofanana, mimba yatupa, yauma gwa, kusanza makamaka zobiriwira kapena zonunkha, chimbudzi ndi mpweya zaima. Mukaona zimenezo musamupatse chakudya, musamupatse zotsegula m'mimba kaya za kusitolo kaya za mizu, kukankha pa njira yotseka kumangophulitsa thumbo. Mutengeni

Anasibeko: Ine sindikukana za chipatala adokotala, koma munthu atha kupita konse, uku akutema mphini uku akupita

Anesi a ku Sadzi: Vuto ndi dongosolo lake agogo. Anthu amayamba kwa asing'anga masiku awiri, kwa ife amafika tsiku lachitatu mimba ili ndi mphini zatsopano thumbo litada kale, akamwalira n'kumati chipatala chapha. Ngati mtima ukufuna mapemphero kapena zina, zichitike munthu ali kale pa diripi

Anasibeko: Mwina bambo wa ku Chingale uja akanapita. Anali ndi ana aang'ono

Aphunzitsi a ku Thondwe: Komanso tisaiwale mayendedwe, wa ku Chingale kapena ku Chisi usiku mvula ikugwa afika bwanji mtauni? Si onse amachedwa chifukwa cha zikhulupiriro, ena ndi ndalama ya njinga yamoto

Nachisale: Zoona aphunzitsi, ifenso theka la Lachitatu linathera kusaka galimoto, amene tinamupezayo anatchaja ngati tikupita ku Lilongwe

Nachisale: Ndabwera ndi nkhani abale. M'mawa uno ndinalimba mtima ndinawafunsa adokotala akuyendera wodi, akuti ndi Hartmann yomweyo, anadula matumbo aang'ono pafupifupi mita imodzi n'kulumikiza, ndipo akachira bwino adzaona zobwezera pakatha miyezi ingapo. Thumba layamba kufufuma ndi mpweya akuti ndi chizindikiro chabwino, achotsa chubu cha m'mphuno, amwa tiyi ndi masipuni anayi a phala. Ndinawawerengera zomwe munalemba adokotala, pa mkono wa juzi paja anaseka mpaka kugwira bala. Azakhali abwera masana ano ndi kabotolo kawo mu chitenje, ndawauza kuti kakhale panja pa geti. Bambo afunsa kuti tomato wawo akuthirira ndani

CO wopuma: Akayamba kufunsa za tomato ndiye kuti abwerera. Aziyenda pang'ono mu wodimo, asamangogona, ndipo azikhosomola atagwira pilo pabalapo kuti chifuwa chisadzaze

Bambo a Yami: Anesi, za chophuka zija munthu amayambira pati, ndingopita ku OPD kapena pamafunika kalata? Ndikufunsira mnzanga

Anesi a ku Sadzi: Muuzeni mnzanuyo wa chophuka cha kumanja chaka chachitatuyo ayambire ku health centre ya kufupi ndi kwawo atenge buku lake la kuchipatala, akamulembera kalata. Nachisale mawa ndikuweruka 7 m'mawa, ndidzera ku wodi ya abambo ndikuonetse kadulidwe ka bowo, ubwere ndi sizasi yaing'ono ndipo amayi ako akhalepo